Mowa ndi Ana m'Makomboni a Lusaka

Makolo athu kumidzi anali kumwa mowa, koma mowawo unali ndi nyengo yace ndi mwambo wace. Anali kufulula pa dima, pa maliro ndi pa cinamwali, ndipo akulu ndiwo anali kumwa. Munthu akaledzera kopitirira, ankhoswe anali pafupi kumdzudzula. Ana ace sanali kugona ndi njala, pakuti nkhokwe inali pabwalo ndipo ambuye ao anali m'nyumba yoyandikana. Tsono tiyeni tione cimene cinagwera ana pamene mowa unalowa m'tauni ndi kusanduka ndalama.

Mzinda wa Lusaka unakhala likulu la Northern Rhodesia m'caka ca 1935. Boma la Azungu linali kuyesa munthu wakuda mlendo, wodzagwira nchito cabe ndi kubwerera kwao. Lamulo la 1948 ndilo linabvomera kuti anchito okwatira apatsidwe nyumba, ndipo pambuyo pace Matero anamangidwa. Koma nyumbazo zinacepa, cotero ambiri anadzimangira tinyumba pa minda ya Azungu, monga ku Kanyama, George ndi Chawama. Kumeneko banja linatsala lokha, lopanda nkhokwe ndi lopanda nkhoswe.

Pa za mowa, Boma linatsata njira imene inayambira ku Durban, ku South Africa, m'caka ca 1909. Kufulula kunyumba kunaletsedwa, ndipo eni tauni okha ndiwo anali kugulitsa mowa wamasese m'biyaholo. Phindu lace linali kumangira maholo a masewera ndi mabwalo a mpira. Taonani cobvuta cace: ndalama imene bambo anamwera mwezi utatha inali ya ufa wa mwana wace, koma kwa mwanayo inabwerera monga bwalo la mpira, iye ali ndi njala.

Amai nao, posowa nchito ya malipiro, anali kufulula mobisa kuti apeze ndiwo ndi zobvala za ana. Apolisi akawapeza anali kutaya mowa ndi kuwalipitsa, ena kuwatsekera, ana nkutsala okha. Ndico cifukwa cace m'caka ca 1954 amai a mu Lusaka anapita ku Boma cigulu kukadandaula, ndipo mu 1957 a African National Congress anauza anthu kuti aleke kulowa m'mabiyaholo. Madandaulo ao anali oona ndithu. Komabe mkangano wonse unali wakuti agulitse ndani ndipo phindu adye ndani. Za mwana wa munthu woledzera sizinamveke kwenikweni.

Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu anacuruka m'tauni, ndipo makomboni atsopano monga Mtendere anayambika. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndiponso nchito zambiri zitatha m'zaka za 1990, mashabini ndi kacasu zinafala. Camba naco cinacuruka, ndipo mu 1989 Boma linakhazikitsa Drug Enforcement Commission. Kenaka kunabwera tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala totsika mtengo, tokwana m'thumba la mwana wa sukulu. Nduna Nkandu Luo anatiletsa mu 2012.

Nanga mwana analipira ciani m'zaka zonsezi? Mu 1968 dotolo wa ku France, Paul Lemoine, anaonetsa kuti mowa umene mai amwa ali ndi pakati uononga thupi ndi ubongo wa mwana, ndipo madotolo a ku America anatsimikiza zimenezi mu 1973. Mwana wobadwa bwino naye sapulumuka. Ndalama ya yunifomu ndi mabuku itha. Usiku amva ndeu, m'mawa aodzera m'kalasi. Mtsikana wamkulu aleka sukulu kuti alere ang'ono ace, ndipo mnyamata wotumidwa kukagula mowa ayamba kulawa panjira. Ena athawa kwao nkumagona m'makonde a Cairo Road ndi ku msika wa Soweto. Umphawi ndi matenda a Edzi zinathamangitsira ambiri kumeneko, koma kuledzera kwa makolo kulinso pa mlanduwo. Nyumba ya Fountain of Hope ku Kamwala inayamba kuthandiza ana otere mu 1996, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lalikulu loteteza ana.

Lamulo lingathe kutseka shabini, koma silingaphike nsima madzulo. Inu amene mwatsiriza sukulu, posacedwa mudzalandira malipiro anu oyamba ndi kumanga banja. Thumba la ufa liyambe lalowa m'nyumba, zina zonse pambuyo. Ndipo mukamva mwana alikulira ndi njala kuseri kwa cipupa canu, musanene kuti si wanga, pakuti m'komboni nkhoswe ndi ambuye ndinu amene. Akulu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe.