Durand-Ruel, Paul (1831–1922)

Wamalonda wa ku Paris, m'dziko la France, amene ankagula ndi kugulitsa zithunzi zojambula pamanja. Amakumbukiridwa chifukwa choimira ojambula a gulu la Impressionist pa nthawi imene anthu ankanyoza ntchito zawo.

Anakumana ndi Claude Monet ndi Camille Pissarro ku London, kumene onsewa anathawira nkhondo ya France ndi Prussia ya 1870–71. Mu 1872 anagula zithunzi 23 za Édouard Manet nthawi imodzi pa mtengo wa mafulanki 35,000.

Okushoni ndiyo inali muyeso wa mtengo wa wojambula, ndipo siinkamulimbikitsa Durand-Ruel ayi. Mu 1875, pa okushoni ya ku Hôtel Drouot, zithunzi za Monet, Renoir, Sisley ndi Berthe Morisot zinagulidwa motchipa kwambiri, anthu akuchita phokoso ndi kuziseka. Wamalonda wamantha akanawasiya ojambulawa pomwepo. Koma Durand-Ruel anapitiriza kugula zithunzi zambirimbiri, kuwapatsa ndalama zoti adyere, ndipo nthawi zina ankapikisana ndi ogula ena pa okushoni kuti mitengo isagwe. Mu 1883 anakonzera aliyense mwa Monet, Renoir, Pissarro ndi Sisley chionetsero chakechake. Kulimba mtima kumeneku n'koyamikirika, chifukwa banki ya Union Générale itagwa mu 1882 iye anatsala ndi ngongole zazikulu.

Zinthu zinasintha mu 1886, pamene anapita ndi zithunzi pafupifupi 300 ku New York ndipo anthu a ku America anayamba kugula. Pa moyo wake anagula zithunzi za Monet pafupifupi 1,000 ndi za Renoir pafupifupi 1,500.