Kudontha

Kudontha ndi kugwa kwa madzi kapena chinthu china chamadzimadzi pang'onopang'ono, dontho limodzilimodzi. Timati denga likudontha, ndowa ikudontha. Amakaniko nawo amati injini ikudontha akapeza oyilo wakuda pansi pomwe galimoto inagona.

Mawuwa ndi osiyana ndi kuchucha, pamene oyilo amangonyowetsa m'mbali mwa injini n'kumakola fumbi. Amasiyananso ndi kudya oyilo, pamene injini imamuwotchera m'kati n'kumafuka utsi wabuluu.

Ku Ruda, m'chigwa cha Honde ku Zimbabwe, dera la minda ya tiyi, galimoto zakale zimatentha kwambiri pokwera zitunda za msewu wa ku Mutare. Kutenthako kumaumitsa labala wa magasiketi, ndiye oyilo amapeza potulukira.

Pofuna kudziwa podonthera, tsukani injini, yalani katoni pansi pake, m'mawa muone pagwera dontho. Yambirani kufufuza pamwamba chifukwa oyilo amatsetsereka: chivundikiro cha mavavu, fyuluta, kenako bawuti ya pasampu. Mukapeza gasiketi yotha, isintheni msanga. Kumangothira oyilo wina sikuchiza vutoli, ndipo tsiku lomwe mudzaiwale, injini idzanoka.