Mawu oti "koloko" anachokera kuti?

Kuno ku Insaca ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kunena kuti "seveni koloko". Makolo athu akale sankawadziwa mawu amenewa. Iwo ankapangana nthawi poyang'ana dzuwa ndi pomvera tambala: m'bandakucha, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, chisisira. Kwa mlimi ndi kwa msodzi wa pa Chirwa zimenezi zinali zokwanira.

Koloko ndi mawu a Chingerezi. Eni ake amalemba kuti o'clock, ndipo ndi chidule cha of the clock, ndiko kunena kuti "monga ikunenera wotchi". Nawonso mawu oti clock ndi obwereka. Anachokera ku mawu a Chilatini oti clocca, kutanthauza belu. Mawotchi aakulu a ku Ulaya a zaka za m'ma 1300 ntchito yawo inali kuliza belu. Wotchi ya m'tchalitchi cha Salisbury ku England, yopangidwa cha m'ma 1386, ilibe manambala kapena mivi yoloza nthawi. Anthu nthawi ankaimva ndi makutu.

Nanga mawu a Angerezi anafika bwanji kuno, kumene ankalamulira Apwitikizi? Anabwera ndi anthu athu omwe. Kuyambira cha m'ma 1900, anthu ambiri a mbali ino, makamaka Alomwe, anawolokera ku Nyasaland pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza. Anakalembedwa ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena anapitirira mpaka ku migodi ya ku Johannesburg. Kumeneko kapitawo sankafunsa kuti dzuwa lili pati. Belu likalira, wochedwa wachedwa basi. Pobwerera kumudzi anabwera ndi bulangete, njinga, ndi mawu amenewa. M'chaka cha 1970 njanji yochokera ku Cuamba inalumikizana ndi ya ku Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi. Sitima nayo imayendera wotchi.

Taonani kuti koloko anabwera ndi manambala ake. Timati "faifi koloko". Palibe amene amati "zisanu koloko". Ndiponso mawuwa amayenda ndi ola lathunthu lokha, kuyambira 1 kulekeza 12. N'chifukwa chake timawonjeza kuti m'mawa, masana kapena usiku.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, amayi ndi abambo. Mapepala a boma lathu la Mozambique amalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo amawerenga maola mpaka 24. Pepala la kuchipatala likanena kuti "14 horas", musaganize kuti ndi 4 koloko chifukwa mwaona 4 kumapeto. Mukatero mudzafika mutachedwa ndi maola awiri. Nambala ikapitirira 12, chotsanipo 12. Tsono 14 horas ndi 2 koloko masana, 17 horas ndi 5 koloko madzulo, ndipo 20 horas ndi 8 koloko usiku.