Linga la asilikali ndi tchalitchi pamsewu umodzi ku Manila: zinayamba bwanji?

FUNSO: Ndinaonera pa kanema alendo akuyenda wapansi m'dera lakale la mzinda wa Manila ku Philippines, kuchoka pa linga la asilikali la Fort Santiago kukathera pa tchalitchi cha San Agustin. Kaulendo kake ndi kakafupi zedi. Kodi zinayamba bwanji kuti malo a nkhondo ndi nyumba yopemphereramo zikhale moyandikana chonchi? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Kuyandikanako sikunangochitika, anachita kukonza. Dera mukunenalo ndi Intramuros, mzinda wa m'kati mwa mpanda wamiyala umene anthu a ku Spain anamanga m'mbali mwa mtsinje wa Pasig. Msewu wolumikiza malo awiriwo, umene lero umatchedwa General Luna, sukwana ndi kilomita imodzi yomwe. Ine ndikuona kuti msewu umenewu ukuonetsa mmene Spain analamulirira zilumbazi kwa zaka zoposa 300. Ulamulirowo unadalira anthu awiri, msilikali ndi wansembe, ndipo pa awiriwo amene anagwira dziko kwenikweni anali wansembe. Linga linkayang'anira adani obwera panyanja. Anthu a m'dzikomo ankawayang'anira ndi a tchalitchi.

Pamene pali Fort Santiago panali kale linga la mitengo la Rajah Sulayman, mfumu ya Maynila, mudzi wa malonda umene atsogoleri ake anali Asilamu. Malowo ali pamene Pasig amathira m'nyanja, moti wokhala pamenepo ankaona chombo chilichonse cholowa kapena kutuluka. Martín de Goiti, msilikali wa Spain, anathira nkhondo mudziwo mu 1570, ndipo pa 24 June 1571 Miguel López de Legazpi analengeza kuti Manila tsopano ndi mzinda wa mfumu ya Spain. Linga loyamba la obwerawa linali la mitengo ndi dothi. Atangotsala pang'ono kulandidwa mzinda mu 1574 ndi Limahong, mkulu wa achifwamba a panyanja wochokera ku China, anaona kuti mitengo siingawateteze, ndipo pakati pa 1590 ndi 1593 bwanamkubwa Gómez Pérez Dasmariñas anamangitsa linga lamiyala. Tchalitchi sichinadikire kuti nkhondo zithe. Ansembe a chipani cha Augustino Woyera anabwera m'zombo zomwezo za Legazpi mu 1565, ndipo mmodzi wa iwo, Andrés de Urdaneta, ndiye ankadziwa njira panyanja. San Agustin yoyamba, ya nsungwi ndi masamba a kanjedza, inaimikidwa mu 1571. Anthu a Limahong anaitentha. Yachiwiri, yamatabwa, inapsa mu 1583 kandulo itayatsa nsalu pa maliro a bwanamkubwa. Yamiyala imene munaiona pa kanema inatha kumangidwa mu 1607, ndipo palibe tchalitchi chamiyala m'dziko lonselo chimene chimaiposa ukale. Manda a Legazpi, mtsogoleri wa asilikaliwo, ali m'kati mwake.

Gwero la zonsezi ndi pangano la pakati pa Roma ndi Spain. Mu 1508 Papa Julius II anapatsa mafumu a Spain mphamvu pa zochitika za mpingo m'mayiko amene ankalanda. Mfumu ndiyo inkasankha oti akhale maepiskopi ndi kulipira ulendo wa ansembe, ndipo pofotokoza chifukwa chokhalira m'dziko la eni, Spain ankati akufalitsa Chikhristu. Choncho wansembe sanali mlendo wa boma, anali mbali yake. Mu 1573 Mfumu Philip II inalemba malamulo a kayalidwe ka mizinda yatsopano: bwalo lalikulu pakati, misewu yowongoka yochokera pabwalopo, tchalitchi ndi nyumba za boma moyang'anizana nalo. Manila anali atayalidwa kale zaka ziwiri m'mbuyomo, koma potsata mwambo womwewo umene unali utakhazikika ku Mexico, kumene Philippines ankalamulidwa kuchokerako mpaka 1821. Woyenda kuchoka pa Fort Santiago amalipeza bwalolo asanapite patali. Lero amaliti Plaza de Roma, ndipo lazunguliridwa ndi Manila Cathedral, nyumba ya khonsolo ya mzinda yotchedwa Ayuntamiento, ndi malo amene panali nyumba ya bwanamkubwa isanagwe ndi chivomezi cha 1863. Chifanizo chili pakati pa bwalolo ndi cha Mfumu Carlos IV, ndipo anachiimika pothokoza katemera wa nthomba amene mfumuyo inatumiza, osati chifukwa cha nkhondo iliyonse.

N'chifukwa chiyani ndikuti wansembe ndiye anagwira dziko? Anthu a ku Spain anali ochepa kwambiri pazilumbazi, ndipo ambiri mwa ochepawo ankakakamira ku Manila podikira malonda a zombo zopita ku Acapulco, ku Mexico. M'midzi yambiri mzungu yekhayo amene anthu ankamuona anali wansembe. Eni dziko ankakhala mobalalika m'timidzi totchedwa barangay, ndiye boma ndi mpingo anawasonkhanitsa kuti amange nyumba pamtunda woti azimva belu la tchalitchi likalira. Okana ankathawira kumapiri. Wansembe anaphunzira Chitagalog ndi zilankhulo zina, ankasunga mabuku a ubatizo, maukwati ndi imfa, ankayang'anira sukulu, ankavomereza mndandanda wa okhoma msonkho, ndipo ankakhalapo posankha mkulu wa tawuni. Msilikali sakanatha kuchita zonsezi ndi mfuti. Miyala ya matchalitchi ndi ya malinga inanyamulidwa ndi anthu omwewo kudzera mu polo, ntchito yokakamiza ya masiku 40 pachaka kwa mwamuna aliyense wamkulu, imene inachepetsedwa kufika masiku 15 mu 1884. Amene anamva nkhani za thangata kwa agogo awo aku Thyolo kapena ku Chiradzulu aimvetsa msanga ntchito imeneyi.

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani, chifukwa Intramuros ndi kadera kakang'ono, ka mahekitala osakwana 70, ndiye chilichonse m'menemo chili pafupi ndi chinzake. Kuchepa kwa malowo ndi koona, koma funso ndi lakuti malo ochepawo anapatsidwa kwa yani. M'kati mwa mpandawo munali matchalitchi akuluakulu 7, nyumba za ansembe ndi masisitere, komanso masukulu a mpingo monga Santo Tomás, imene inayamba mu 1611. Amalonda ndi amisiri a ku China, amene mzindawo sukanayenda popanda iwo, anaikidwa kunja, ku Parián, pamtunda woti mizinga ya pakhoma iwafikire. Eni dziko ambiri nawo ankakhala kunja, ndipo zipata zinkatsekedwa usiku. Pabwalo la San Agustin pali mikango yosema pamwala mwa luso la ku China, chizindikiro chakuti anthu okanizidwa kugona m'katimo anasiya dzanja lawo pa zomangidwazo. Komanso kayalidwe komweka kamapezeka m'matawuni akale a m'zigawo, kumene kunalibe mpanda ndipo malo anali mbwee: bwalo, tchalitchi chachikulu, ndi nyumba ya boma pambali pake.

Kutsutsa kwina, kumene kuli ndi mphamvu, n'kwakuti ansembe ndi akazembe sankamwerana madzi. Izi n'zoona ndithu. Mu 1574 wansembe wa chipani cha Augustino, Martín de Rada, analemba kudzudzula nkhanza za otolera msonkho, ndipo episkopi woyamba wa Manila, Domingo de Salazar, anachita chimodzimodzi atafika mu 1581. Anthu amenewa tisawalande ulemu wawo. Koma mkangano wa mbali ziwirizi unali wa mmene dziko lilamulidwire ndi amene akhale pamwamba, osati woti Spain achoke. Ndipo zikafika povuta, amene ankagonja kawirikawiri anali bwanamkubwa. Mu 1719 bwanamkubwa Fernando Bustamante atatsekera arkiepiskopi m'ndende, khamu la anthu limene munali ansembe linalowa m'nyumba mwake n'kumupha. Bwanamkubwa ankakhala zaka zowerengeka n'kubwerera kwawo, pamene chipani cha ansembe chinkakhala pa parishi mibadwomibadwo, chili ndi minda ikuluikulu. Afilipino amene anayamba kufuna ufulu ankadziwa bwino kumene kunali mphamvu. Mabuku awiri a José Rizal, Noli Me Tángere la 1887 ndi El Filibusterismo la 1891, analunjika kwambiri pa ansembe a zipani ochokera ku Spain, ndipo lachiwirilo analipereka pokumbukira ansembe atatu a m'dzikomo, Gómez, Burgos ndi Zamora, amene boma linawapha mu 1872. Rizal anatsekeredwa mu Fort Santiago momwemo, n'kukawomberedwa kunja kwa mpanda pa 30 December 1896. Mapazi achitsulo amene anakhomedwa pansi m'lingamo amalondola njira imene anadzera m'mawa umenewo.

Patsala kutsutsa kwachitatu, kwakuti zimene alendo amaona lero si zakale zenizeni. Apa pali chilungamo chambiri. Pa nkhondo yomenyera Manila mu February ndi March 1945, pakati pa asilikali a America ndi a Japan, anthu wamba pafupifupi 100,000 anafa ndipo Intramuros anasanduka bwinja. Pa matchalitchi 7 aja, San Agustin yokha ndiyo inatsala chiimire, ili ndi nsanja imodzi ya belu chifukwa inzake anaigwetsa itang'ambika ndi chivomezi cha 1880. Manila Cathedral ya lero inatha kumangidwa mu 1958. Casa Manila, nyumba yooneka yakale moyang'anizana ndi San Agustin, ndi ya m'zaka za m'ma 1980, ndipo mbali zambiri za makoma zinakonzedwanso ndi bungwe la Intramuros Administration limene linakhazikitsidwa mu 1979. Koma mabomba anagwetsa nyumba, sanasunthe misewu. Linga, bwalo ndi tchalitchi zili pamene zinaikidwa poyamba, ndipo umboni wanga wagona pa malowo, osati pa ukale wa mwala uliwonse.

Zimene zinatsatira zikulozanso komweko. Mzinda ndi linga lake zinagwa m'manja mwa Angerezi mu 1762, Amereka mu 1898, ndi Ajapani mu 1942, amene anasandutsa zipinda zapansi za lingalo ndende yozunziramo anthu. Lero Fort Santiago ndi malo okaona alendo, olowa ndi tikiti, ndipo ngolo zokokedwa ndi mahatchi zimadikira makasitomala pachipata. San Agustin, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1993, ikuchititsabe Misa ndi maukwati, ndipo pafupifupi anthu 8 mwa 10 aliwonse ku Philippines ndi Akatolika. Mpingowo Afilipino anautenga kukhala wawo, mpaka kuugwiritsa ntchito potsutsa boma lawo lomwe. Mu February 1986 Kadinala Jaime Sin wa Manila analankhula pa wailesi ya Radio Veritas kupempha anthu kuti akateteze asilikali amene anagalukira Pulezidenti Ferdinand Marcos. Khamu linadzaza msewu wa EDSA, masisitere ataima kutsogolo kwa akasinja ndi makolona m'manja, ndipo pasanathe masiku anayi Marcos anathawira ku Hawaii.