Ophunzira a ku Kachebere ndi a ku Chirunga, ndi Chinenero cha Kwao

Anthu ambiri akamakamba za maphunziro apamwamba m'dziko lathu amayambira pa chaka cha 1965, pamene Yunivesite ya Malawi idatsegula zitseko zake. Koma ife a kuno ku Mchinji, kumidzi ya Inkosi Zulu ndi kumalire konse, tili nacho chifukwa choyambira kumbuyo pang'ono, pakuti nyumba ya maphunziro akuya idamangidwa m'boma lathu lino Yunivesite isanaganizidwe n'komwe. M'nkhani yino tiona moyo wa ophunzira m'malo awiri, ku Kachebere ndi ku Chirunga, ndipo titsata funso limodzi lokha: kodi mwana wophunzira m'chinenero chachilendo amachita nacho chiyani chinenero chimene adayamwira kwa mayi wake?

Belu la ku Kachebere

Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazika mishoni ya Kachebere m'chaka cha 1903, patsinde pa phiri, pamalire penipeni a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, patangopita zaka zisanu chigonjetsedwere Angoni a Mpezeni. Masiku amenewo mnyamata wofuna unsembe ankayenda ulendo wautali kukaphunzira ku Kipalapala, m'dziko la Tanganyika. Kumeneko ndiko kudaphunzira Cornelio Chitsulo, amene adadzozedwa m'chaka cha 1937, nakhala wansembe woyamba wa mpingo wa Katolika mwa ana a dziko lino. Tsono m'chaka cha 1939 seminale yaikulu idatsegulidwa pa Kachebere pomwepo, ndipo idayamba kulandira anyamata ochokera mbali zonse ziwiri za malire.

Moyo wa pamenepo, monga m'maseminale onse a nthawi imeneyo, unkayendera belu. Belu linkadzutsa anyamata m'bandakucha, linkawaitanira ku mapemphero, ku kalasi, ku chakudya ndi ku ntchito ya manja, ndipo usiku linkawalamula kukhala chete. Mabuku a nzeru zakuya ndi a zaumulungu adali a Chilatini. Taganizani, mnyamata wokulira ku ubusa wa mbuzi, wodziwa mayina a mitengo yonse ya m'thengo m'Chichewa kapena m'Chinsenga, tsopano alikuyankha mafunso a mayeso m'chinenero cha Aroma akale!

Mwa anyamata amene adapita pa Kachebere mudatuluka James Chiona, amene adadzakhala arkiepiskopi wa Blantyre. Emmanuel Milingo, wa Lusaka. Medardo Mazombwe, wa Chipata, amene adafika pa udindo wa kadinala m'chaka cha 2010. Ndi Patrick Kalilombe. Kalilombeyu adabwerera pa Kachebere kudzaphunzitsa, nakhalanso mkulu wa seminaleyo, mpaka adasankhidwa kukhala episkopi wa Lilongwe m'chaka cha 1972. Msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 udali utalola kuti anthu azipembedza m'zinenero zao, ndipo iye adalimbikitsa miphakati, kuti akhristu azikumana m'midzi ndi kukambirana za moyo wao m'chinenero chao. Boma la nthawi imeneyo lidaona ngati misonkhano yotere ndi ndale zobisika, kotero kuti Kalilombe adachoka m'dziko muno, natula pansi udindo wake m'chaka cha 1979. Apa tikuona koyamba kuti nzeru ikakhala m'Chilatini siopsa munthu, koma ikatsikira m'chinenero cha kumudzi, eni mphamvu amayamba kutchera khutu.

Kuchokera ku Chichiri kunka ku Chirunga

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Dziko lisanalandire ufulu, wofuna digiri ankapita kunja: Orton Chirwa ndi Henry Chipembere ku Fort Hare, David Rubadiri ndi Kanyama Chiume ku Makerere. Yunivesite yathuyathu idakhazikitsidwa ndi lamulo m'chaka cha 1964, ndipo maphunziro adayamba pa 29 September 1965 ku Chichiri, mu Blantyre, m'nyumba zimene kale zidali sukulu ya sekondale ya ana a Amwenye. Ophunzira oyamba adali 90 okha. Mkulu woyendetsa sukuluyo adali Dr Ian Michael, ndipo Chansala adali Dr Kamuzu Banda mwini wake. M'chaka cha 1973 Chancellor College idasamukira ku Chirunga, mu Zomba, ndipo koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ya ku Mpemba zidalowa m'menemo.

Kusankhidwa kupita ku Chirunga kudali chinthu chachikulu, mudzi wonse unkachimva. Boma linkapereka malo ogona, chakudya ndi kandalama ka m'thumba, ndipo womaliza maphunziro sankasowa ntchito. Koma ufulu wa pakamwa udali wochepa. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yaifupi. Anyamata a tsitsi lalitali ankametedwa. M'makalasi ndi m'nyumba zogona mudali akazitape, ndipo ndende ya Mikuyu idali pafupi, m'chigwa chomwecho cha Zomba. Wophunzira aliyense ankaudziwa bwino mwambi uja wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Nanga Chichewa chidali pati? M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndi kuti chikhale chinenero cha fuko lonse pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo bala limeneli lidapweteka anzathu a kumpoto zaka zambiri. Komabe Chichewa chomwe chidakwezedwacho sichidalowe m'kalasi ya sayansi, ya malamulo kapena ya mbiri. Dr Banda ankalankhula Chingerezi pa misonkhano, womasulira ali pambali, ndipo nthawi zina ankamudzudzula womasulirayo pa gulu kuti Chichewa chake sichili cholondola. Motero chinenero cha anthu chidali ndi ulemu wa pa nsanja, koma sichidali ndi mpando pa bwalo la ophunzira.

Gulu la alembi

M'chaka cha 1970, koleji ikali ku Chichiri, ophunzira ndi aphunzitsi ena adayamba kukumana sabata ndi sabata madzulo, m'gulu lotchedwa Writers Group. Mwa oyambitsa ake mudali Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande. Ena odziwika amene adadutsamo ndi Frank Chipasula, Felix Mnthali, Steve Chimombo, Anthony Nazombe ndi Ken Lipenga. Wolemba ankabwera ndi ndakatulo yake yotayipa, naiwerenga mokweza, ndipo anzake ankaisenda ngati chinangwa, mosaopa kuti uyu ndi mphunzitsi kapena uyu ndi wa chaka choyamba. M'chaka cha 1971 adasindikiza kabuku ka ndakatulo 39, nakatcha dzina la Chichewa lakuti Mau. Adayambitsanso magazini ya Odi, yolandira zolemba za m'Chingerezi ndi za m'Chichewa, ndipo pambuyo pake kudatuluka Kalulu, yosunga nthano, nyimbo ndi miyambi ya makolo.

Ndakatulo zambiri za gululi zidali za m'Chingerezi, koma mafupa ake adali a kumudzi. Anyamatawa adakumbukira kuti makolo athu adali nayo kale njira yonenera zowawa popanda kutchula dzina. Mayi wodandaula ndi mwamuna wake amaimba pa mtondo, mudzi wonse numva, koma palibe womuzenga mlandu. Gule amatuluka kudambwe nadzudzula ngakhale mwini mudzi, popeza wovinayo ndi chilombo, si munthu. Luso limeneli ndilo kukuluwika. Chimombo adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, ndipo adalemba sewero la The Rainmaker pa mbiri ya M'bona. Mapanje adatenga bilimankhwe wa m'nthano ya chiyambi cha imfa, kanyama koyenda mozengereza ndi kosintha maonekedwe kuti kapulumuke. Wounika mabuku ankaona nyama ndi mapiri. Wophunzira wokulira pa nthano za agogo ankamva zonse.

Koma kukuluwika kuli ndi malire ake. Mnthali adatsekeredwa m'chaka cha 1976. M'chaka cha 1983 ophunzira ena, mmodzi mwa iwo Edge Kanyongolo, adatengedwa ndi apolisi natsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Buku la Mapanje, Of Chameleons and Gods, lotuluka m'chaka cha 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo pa 25 September 1987 mwini wake, ali mkulu wa gawo la Chingerezi pa kolejipo, adagwidwa pa Gymkhana Club mu Zomba. Adakhala ku Mikuyu kufikira mwezi wa May 1991, osauzidwa mlandu wake. M'chaka cha 1988 ophunzira amene adalemba mu Chirunga Newsletter zodandaula, kuphatikizapo za kusankha ana opita ku Yunivesite potsata maboma ao, adachotsedwa sukulu.

Masewero apita kumudzi

Gulu lachiwiri loyenera kulikumbukira ndi la masewero oyendayenda, Travelling Theatre. Poyamba linkayendera sukulu za sekondale ndi masewero a Chingerezi, ndipo m'chaka cha 1976 James Gibbs adasonkhanitsa ena mwa masewero a masiku amenewo m'buku la Nine Malawian Plays. Kusintha kudadza m'chaka cha 1981, pamene Chris Kamlongera ndi David Kerr adapita ndi ophunzira ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kukachita masewero pakati pa alimi, m'chinenero chimene alimiwo akadamva. Kuyambira cha m'ma 1985 gululi lidagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde. Ophunzira ankayamba afika m'mudzi, nacheza ndi anthu, namva mavuto ao a zitsime, zimbudzi ndi matenda otsegula m'mimba. Kenaka ankapanga sewero pa bwalo, pansi pa mtengo, ndi nyimbo za komweko. Pakati pa sewero wosewera ankatembenukira kwa anthu ndi kufunsa chochita, ndipo amayi amene sakadayankhula pa msonkhano wa boma ankayankha, ena mpaka kulowa m'seweromo.

Pamenepa wophunzira wa digiri adasanduka wophunzira wa anthu osadziwa kulemba. Adazindikira kuti Chichewa cha m'buku la galamala ndi china, cha pa chitsime ndi china, ndi kuti munthu sungamuphunzitse kanthu usanamve m'mene iye amatchulira vuto lake.

Mwezi wa March 1992

Njira ziwirizi, ya ku Kachebere ndi ya ku Chirunga, zidakumana m'chaka cha 1992. Pa 8 March, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yonena za umphawi, malipiro ochepa, kuchepa kwa sukulu ndi zipatala, ndi kutsekera anthu popanda mlandu. Woyamba mwa osaina adali James Chiona, mwana wa Kachebere uja. Makope 16,000 adasindikizidwa ku Balaka: 10,000 a Chichewa, 5,000 a Chitumbuka, ndi 1,000 okha a Chingerezi. Mawerengero amenewa akutiuza zambiri. Zinthu zimene zidalembedwamo ophunzira adali atazinena kale mokuluwika m'Chingerezi kwa zaka 20. Chachilendo chidali chakuti tsopano zidanenedwa poyera, m'chinenero cha mayi wogulitsa tomato ndi bambo wa pa esiteti ya fodya.

Boma lidati kalatayo ndi youkira, ndipo maepiskopi adaitanidwa kupolisi. Patangopita sabata imodzi, ophunzira a ku Chirunga adayenda pa msewu wa mu Zomba akuimba, kuonetsa kuti ali pambuyo pa maepiskopi, ndipo koleji idatsekedwa. Anzao a ku Polytechnic mu Blantyre adachita chimodzimodzi. Pa 14 June 1993 Amalawi 63 mwa 100 alionse adavotera zipani zambiri. Sitinganene kuti ophunzira okha ndiwo adagwetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Apantchito, mipingo ina ndi maiko akunja adachitapo mbali zao. Koma ophunzira adali m'gulu la oyamba kuonetsa kuti mantha atha.

Phunziro kwa ife aphunzitsi

Zambiri zasintha. Kuyambira 1977 maphunziro a zaumulungu adapita ku seminale ya St Peter's ku Zomba. Bungwe la Chichewa Board lidalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies m'chaka cha 1996, ndipo m'chaka cha 2000 kudatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womasulira mawu athu m'chinenero chathu chomwe. M'chaka cha 2021 makoleji akale adapatukana, ndipo dzina la Yunivesite ya Malawi lidatsalira ku Chirunga. Koma funso lathu lija silidathe. M'chaka cha 1996 boma lidalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwao. M'chaka cha 2014 lidalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1.

Inu amene mukukonzekera kukaima patsogolo pa ana a ku Ludzi, ku Guilleme, ku Mkanda kapena ku Kapiri, malamulo a Unduna mudzawatsata, ndipo Chingerezi mudzachiphunzitse ndi mtima wonse, pakuti ndi khomo la mayeso ndi la ntchito. Koma musadzalange mwana chifukwa wayankhula chinenero cha mayi wake, kapena kumupachika chikwangwani cha manyazi pakhosi. Mpatseni nthawi ya nthano, ya zilapi, ya miyambi ndi ya kasewero kopeka yekha, ndipo mulembe m'kope mawu achilendo amene ana a kumalire amabwera nawo. Mbiri taonayi ikutiphunzitsa kuti anthu ophunzira kwambiri a dziko lino, itafika nthawi yonena chinthu chofunika, adabwerera ku nkhokwe imene adaitutira ali ana. Nkhokwe imeneyo imadzazidwa kunyumba ndi ku pulayimale, ndipo mfungulo zake zili m'manja mwanu.