Kuteteza Nsomba Zoweta ku Kutentha kwa Chilimwe

Nsomba yoweta, kaya ikhala m'damu lokumba m'mphepete mwa dambo monga achitira alimi ambiri a m'boma la Mchinji, kaya m'thanki yagalasi pabalaza, ilibe kothawira dzuwa likaswa mtengo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene inzake ya mumtsinje wa Bua kapena wa Rusa imatha kutsikira pakuya kukabisala. Chimene chimaipha kawirikawiri ndicho kusowa kwa mpweya, pakuti madzi akafunda amataya okosijeni: lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, koma pa madigiri 30 imasunga 7 ndi theka okha, ndipo panthawi yomweyo thupi la nsomba, limene limatentha ndi kuzizira pamodzi ndi madzi, limafuna mpweya wochuluka koposa kale.

Ngozi imakula m'mbandakucha, chifukwa ndere zimene zimatulutsa mpweya usana zimaupuma usiku wonse, kotero kuti mlimi wolawira kudamu akapeza makumba ndi chilunguni zili yasa! pamwamba pa madzi, azindikire kuti imfa yayandikira. Mlamba wokha umapirira, popeza unalengedwa ndi chiwalo chopumira mpweya wakunja. Choncho kuona milamba ikusambira mwamphamvu sikutsimikiza kuti zinzake zili pabwino.

Chitetezo choyamba chimayambira pokumba. Damu lakuya mita imodzi kapena imodzi ndi theka kumbali yake yotsika limasunga madzi ozizirirapo pansi, pamene lofika m'mawondo limafunda lonse ngati madzi a m'nkhali. Chilimwe chikafika pachimake, mlimi wanzeru amachepetsa madeya, amaleka kuthira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi, chifukwa zonse zovunda zimadya mpweya womwewo, nalowetsa madzi atsopano a mumfuleni akugwa kuchokera pamwamba kuti azithovoka. Ndipo ngati madzi akuphwa, nsomba zathithikana, ndi bwino kukolola zikuluzikulu kupita nazo kumsika zisanafe, pakuti madzi akatayika saoleka.

M'thanki yagalasi amakonda kusungamo mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala ya nyanja ya Malawi, timene amalonda a ku Salima akhala akutumiza ku Ulaya kwa zaka zambiri, ndipo timakhala bwino pakati pa madigiri 24 ndi 28. Nyumba yamalata yopanda siling'i imapitirira muyezo umenewu masana. Mwini wake achotse thanki pazenera, azime nyale yake, atsegule chivundikiro ndi kuphimba ndi kaukonde kuti nsomba zisalumphe, kenaka alozetse fani pamwamba pa madzi, pakuti nthunzi ikamachoka imatenga kutentha. Botolo la madzi oundana lotseka bwino likhoza kuyandamitsidwamo, koma kukhuthuliramo madzi ozizira nthawi imodzi ndiko kulakwa kwakukulu, popeza kusintha kwadzidzidzi kumafoola nsomba koposa kufunda kumene. Madzi obwezeretsa, akakhala a pampopi, agone m'ndowa usiku ndi usana kuti kolorini achoke. Ndipo magetsi akazima, pampu ya mpweya nileka, munthu atunge madzi a m'thankimo ndi kapu, nawatsanuliremo kuchokera m'mwamba, mobwerezabwereza, kufikira magetsi atayaka.