Eni Dzina la Blantyre Anathera Kuti?

Agogo athu ambiri sankadzivuta ndi dzina la Blantyre. Ankangoti "ndikupita ku Kabula," ndipo aliyense ankamva. Ife a masiku ano timati Bulantaya, kapena kungoti "m'tauni" monga amakuwira makondakitala a minibasi ku Limbe. Kusukulu tinaphunzira kuti dzinali linachokera ku kamudzi ka ku Scotland komwe David Livingstone anabadwira pa 19 Marichi 1813. N'zoona. Chimene aphunzitsi sankatiuza n'chakuti dzinalo linali ndi eni ake, banja limene linkalowana ufumu wotchedwa Lord Blantyre kwa zaka 294, mpaka ufumuwo unazima ngati moto wosowa wosonkhezera.

Tiyambire kumtsinje wa Clyde, kufupi ndi mzinda wa Glasgow. Pagombe la mtsinjewu, moyang'anizana ndi linga la Bothwell, panali nyumba ya amonke a Katolika yomangidwa m'zaka za m'ma 1200, yotchedwa Blantyre Priory. Scotland itapatukana ndi Papa mu 1560, minda ndi chuma cha nyumba zotere zinayamba kugwera m'manja mwa anthu oyandikana ndi mfumu. Za ku Blantyre zinagwera Walter Stewart. Mwayi wa munthuyu unali wakuti anakulira limodzi ndi mfumu James VI, ndipo ankaphunzira pamodzi kwa mphunzitsi waukali uja George Buchanan. Mnzake wa paubwana atakula sanamuiwale. Mu 1596 anamuika kukhala msungichuma wamkulu wa dziko, ndipo mu 1606 anamupatsa dzina la Lord Blantyre, loti lizidzapita kwa ana ake.

Maufumu a kumeneko ali ndi makwerero, monga ife tili ndi nyakwawa, gulupu, T/A, mpaka mfumu yaikulu. Pamwamba pali duke, kenako marquess, earl, viscount, ndipo pansi penipeni lord. Choncho Lord Blantyre sanali wamkulu kwenikweni. Komabe anali ndi mpando m'nyumba ya malamulo popanda womuvotera mpaka 1707, anali ndi minda, ndiponso anthu olipira lendi. Mwana wake wamwamuna woyamba ankatchedwa Master of Blantyre, kutanthauza kuti wolowa ufumu ankadziwika akadali kumsana. Panalibe zoti ntchembere zikhale pansi kukambirana kuti mwa anawa wamakhalidwe ndani.

Wodikira mpando woyambayo sanaulawe. Mu Novembala 1609, James Stewart anakangana ndi mnzake wa kubwalo la mfumu, George Wharton, akuti pa masewero a makadi. Anakakumana ku Islington, kunja kwa London, aliyense ndi lupanga lake, ndipo onse awiri anafera pomwepo. Anawaika m'manda amodzi. Walter atamwalira mu 1617, dzina linapita kwa mng'ono wa malemuyo, William.

Chodabwitsa n'chakuti banja limene linkawerengera amuna okhaokha linalemera chifukwa cha mkazi. Frances Teresa Stuart anali mdzukulu wa Walter, ndipo kukongola kwake kunasokoneza mutu mfumu Charles II. Mfumu inamufuna, iye anakana, nathawa kukakwatiwa ndi Duke wa Richmond mu 1667. Anthu amati nkhope ya Britannia, mayi wonyamula chishango amene ankaoneka pa makobidi a ku Britain, inajambulidwa potengera iyeyu. Frances anamwalira mu 1702 wopanda mwana, nasiyira chuma chake abale ake a ku Blantyre. Ndi ndalamazo anagula nyumba yaikulu ya Lethington, naitcha Lennoxlove pomukumbukira. Chakumayambiriro kwa zaka zomwezo banjali linapezanso malo a Erskine, kumunsi kwa Clyde, ndipo kumeneko ndi kumene linakhazikika. Ku Blantyre kunangotsala dzina ndi mabwinja a amonke.

Za m'ma 1700 palibe zambiri zokamba. Lord wachisanu ndi chimodzi anakana kuti Scotland iphatikizane ndi England mu 1707, koma mawu ake sanaphule kanthu. Pambuyo pake dzina linayenda pakati pa abale atatu a bambo mmodzi, Walter, William ndi Alexander, chifukwa awiri oyambawo anafa osasiya wolowa m'malo. Chingwe chinali chitayamba kale kuwonda.

Wa nambala 11, Robert Walter Stuart, anali msilikali amene anamenya nawo nkhondo zolimbana ndi Napoleon nabwerako wamoyo. Iye ndiye anayamba kumanga nyumba yatsopano ya Erskine mu 1828. Nthawi imeneyo, makilomita angapo kumtunda kwa mtsinje womwewo, mnyamata wa zaka 15 ankalumikiza ulusi woduka m'fakitale ya thonje ya ku Blantyre kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu ya madzulo. Kwawo kunali chipinda chimodzi m'nyumba ya antchito yotchedwa Shuttle Row. Wina anali mwini dzina, wina wantchito wamba wokhala pamalopo. Mu Seputembala 1830 mwini dzinayo anali ku Brussels pamene anthu a ku Belgium anaukira boma. Anasuzumira pawindo kuti aone chipwirikiti cha mumsewu, chipolopolo chosokera chinamupeza pomwepo. Mwana wake Charles analowa ufumu ali ndi zaka 11.

Charles ameneyu anali atakhala pampando zaka 46 pamene, mu 1876, Henry Henderson wa Church of Scotland, motsogozedwa ndi womasulira Tom Bokwito, anapeza malo pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dziko la mfumu Kapeni. Mishoni itakhazikika mu Okutobala chaka chomwecho, anaitcha Blantyre pokumbukira mnyamata wa m'fakitale uja, amene anali atamwalira mu 1873. Za mbuye wa ku Erskine sizinali m'maganizo mwawo. Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinatha mu 1891, ndipo mu 1895 Blantyre wathu anakhala ndi khonsolo yakeyake. M'chaka chomwecho cha 1895, ku Scotland kunagwa maliro a Walter, Master of Blantyre, mwana wamwamuna yekhayo wa Charles, wosasiya mwana. Nkhalambayo inakhalabe zaka zisanu ikudziwa kuti palibe wodzalowa dzina. Itamwalira mu 1900, mabuku analemba kuti ufumu wa Lord Blantyre watha.

Apa m'pamene munthu wa kwa Kapeni, kwa Machinjiri kapena kwa Somba angagwire pakamwa. Watha bwanji, mbumba ilipo? Charles anali ndi ana aakazi. Gertrude anakwatiwa ndi mwana wa nduna yaikulu William Gladstone. Ellen anakwatiwa ku banja la Baird, ndipo mwana wake William Arthur Baird ndiye analandira nyumba za Erskine ndi Lennoxlove. Mwa Ayao ndi Amang'anja, kumene ufumu umatsata bere ndipo wolowa dzina amakhala mwana wa mlongo, mnyamata ngati ameneyo ndiye akanayamba kuyang'anidwa, pokhala mwana wa mlongo wake wa Walter. Kumeneko analandira makiyi a nyumba, koma dzina ayi, chifukwa ufumuwu unkayenda mwa amuna okha. Angoni a kwa Gomani angamvetseko za kutsata bambo, komabe sindikhulupirira kuti angalole mpando kuzima mudzi uli wodzaza ndi adzukulu.

Si maufumu onse a ku Scotland amene ali otero, ndipo umboni unali m'nyumba mwa Charles momwemo. Mkazi wake Evelyn anali mdzukulu wa Elizabeth wa ku Sutherland. Ufumu wa Earl of Sutherland ndi wakalekale, wa m'zaka za m'ma 1230. Mwini wake atamwalira mu 1766, anasiya kamwana kakakazi ka chaka chimodzi. Amuna awiri achibale anadzuka kuti mpando ndi wawo, mlandu unafika ku House of Lords, ndipo mu 1771 unakomera kamtsikanako. Musafulumire kumuombera m'manja: Elizabeth yemweyo atakula, mabanja zikwizikwi anasamutsidwa m'minda ya makolo awo kuti mulowe nkhosa, nkhani imene anthu a ku Thyolo ndi Mulanje sangafune kuifotokozeredwa. Koma dzinalo lidakalipo. Mu 1963 linadutsanso mwa mkazi, Elizabeth wina, ndipo iye atamwalira mu 2019 mwana wake Alistair anakhala Earl wa nambala 25.

Nyumba ya Erskine inasanduka chipatala cha asilikali oduka miyendo ndi manja mu 1916, ndipo lero ndi hotela yotchedwa Mar Hall. Lennoxlove inagulidwa ndi Duke wa Hamilton mu 1946. Shuttle Row ndi nyumba yosungiramo mbiri ya Livingstone. Blantyre wa ku Scotland ndi katauni kakang'ono, anthu ake sangadzaze Ndirande. Wathuyu anaphatikizana ndi Limbe mu 1956, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 800,000. Mukatuluka mumzinda kulowera ku Lunzu, makalata a kumudzi akudindidwabe ndi chidindo cha mfumu Kapeni.